Ndege zoyamba za jeti zankhondo: mafunso ndi mayankho pa ngozi zake ndi mbiri yake

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera nkhani ya ndege zankhondo za m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ikayambika. Ena amafunsa ataona zithunzi zakale, ena atamva dzina la Vampire kapena MiG kwa agogo awo amene anagwirako ntchito ku Halale. Ndayamba ndi mafunso apafupi n'kumapita ku ozama. Pamene yankho lakhudza nkhani yofotokozedwa kale, ndangokulozerani komweko.

Kodi ndege ya jeti imasiyana bwanji ndi ndege ya pulopela?

Ndege ya pulopela imadzikoka ndi mapeni ozungulira amene amakhala pamphuno kapena pamapiko. Jeti ilibe mapeni akunja. Injini yake imameza mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuwazamo mafuta apachibale ndi palafini, kenako kuyatsa moto. Mpweya wotenthawo umatuluka kumbuyo mwaukali, ndipo ndi umene umakankha ndege. Usanatuluke umayamba wazunguliza gudumu la timapeni tachitsulo, ndipo gudumu limenelo ndi lomwe limayendetsa chopanikiza mpweya chakutsogolo chija. Timapenito timakhala m'moto nthawi yonse, choncho moyo wa injini umadalira chitsulo chimene anatipangira.

Kusiyana kumene kunatha anthu ndi uku. Injini ya pulopela ukaiwonjezera moto imamva nthawi yomweyo, ndipo mphepo ya pulopelayo imawomba mapiko n'kuigwiriziza ndege ngakhale liwiro litachepa. Jeti zoyamba zinkatenga masekondi angapo kuti zimve. Ukazikakamiza, moto unkazima kapena injini inkapsa. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kangapo.

Anayamba ndani, Germany kapena Britain?

Onse awiri, aliyense payekha. Frank Whittle wa ku Britain analembetsa nzeru yake ya injini ya jeti mu 1930, koma boma lake linachedwa kuikapo mtima. Ku Germany, Hans von Ohain anapeza thandizo kwa kampani ya Heinkel, ndipo ndege yotchedwa He 178 inauluka pa 27 Ogasiti 1939, kutangotsala masiku ochepa kuti Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse iyambe. Ya ku Britain, Gloster E.28/39, inauluka pa 15 Meyi 1941. Pofika pakati pa 1944, Germany inali ndi Messerschmitt Me 262 kunkhondo ndipo Britain inali ndi Gloster Meteor. Ndege ziwirizi sizinakumanepo m'mwamba. Ntchito yoyamba ya Meteor inali yothamangitsa mabomba ouluka a V-1 amene ankaponyedwa ku London.

Kodi n'zoona kuti ngozi zinapha oyendetsa ambiri kuposa adani?

Kwa ndege zambiri za nthawi imeneyo, inde. Asilikali a m'mlengalenga a Britain anataya ndege za Meteor 890, ndipo oyendetsa 450 anafa, pafupifupi onsewo pa nthawi ya mtendere. M'chaka cha 1953 chokha zinagwa 145, kutanthauza pafupifupi zitatu sabata iliyonse. Anyamata oziyendetsa anaipatsa dzina loti Meatbox, bokosi la nyama.

Ku America, F-100 Super Sabre zinapangidwa 2,294. Mwa izi, 889 zinatha pangozi ndipo oyendetsa 324 anafa. Chaka choipitsitsa chinali 1958: ndege 116, anthu 47. Asilikali a pamadzi a dziko lomwelo anataya ndege 776 zamitundu yonse mu 1954, nkhondo ya ku Korea itatha kale.

Manambala amenewa ndimawalemba ndi mtima wolemera. Ambiri mwa akufawo anali anyamata a zaka 20 ndi mphambu zochepa, ena asanakwatire n'komwe, ndipo sanafere kutali kunkhondo ayi. Anafera m'minda yoyandikana ndi bwalo lawo lomwe, anzawo akuona utsi.

Ngati Me 262 inali yothamanga kuposa ndege zonse za adani ake, bwanji sinasinthe nkhondo?

Inalidi yothamanga, pafupifupi makilomita 870 pa ola, ndipo inali ndi mizinga inayi ya mamilimita 30 yokhoza kudula ndege yaikulu yoponya mabomba. Zinapangidwa pafupifupi 1,430. Koma zouluka pa tsiku limodzi zinali zochepa kwambiri, chifukwa cha kusowa mafuta, kusowa oyendetsa odziwa, ndiponso injini zake.

Germany inalibe nickel ndi chromium zokwanira, zitsulo zimene zimapirira moto. Injini ya Jumo 004 anaipanga ndi chitsulo wamba chokutidwa pamwamba, ndipo inkatha itangogwira ntchito maola pakati pa 10 ndi 25. Woyendetsa wozolowera pulopela akakankha chowonjezera moto mwachangu, injini inkayaka. Adani ataona kuti m'mwamba sangaipeze, anayamba kuidikirira pamwamba pa bwalo lake. Potera imakhala yafatsa, mafuta ali pafupi kutha, ndipo singathe kudzidzimuka n'kuthawa. Walter Nowotny, mtsogoleri wa gulu loyamba lomenya nkhondo ndi ndegezi, anafa pa 8 Novembala 1944 pafupi ndi bwalo la Achmer. Johannes Steinhoff anapsa nkhope moopsa pa 18 Epulo 1945 ndege yake itagwa ponyamuka. Dzina lakeli mulipezanso pa funso la F-104.

Pali china chosayenera kuchidumpha. Zigawo zambiri za Me 262 zinapangidwa ndi akaidi ogwiritsidwa ntchito yaukapolo m'mapanga okumbidwa pansi, monga a ku Gusen m'dziko la Austria, ndipo miyandamiyanda anafera momwemo. Powerenga amene ndegeyi inawapha, iwowa awerengedwenso.

Bwanji ngozi zambiri zinkachitika ponyamuka ndi potera?

Chifukwa ndi pamene ndege ili pafupi ndi nthaka, liwiro lili lochepa, ndipo palibe mpata wokonza cholakwika. Onjezani kuchedwa kwa injini kumene tafotokoza pa funso loyamba. Woyendetsa akaona kuti watsika kwambiri n'kuwonjezera moto, ndege inkapitiriza kumira kwa masekondi angapo injini isanamve.

Richard Bong anali katswiri woposa onse wa America, amene anagwetsa ndege 40 za adani pa nkhondo ya ku Pacific. Akuluakulu anamubweza kwawo kuti asafe. Pa 6 Ogasiti 1945, tsiku lomwe bomba linagwa pa Hiroshima, ananyamuka ndi P-80 Shooting Star ku Burbank, pampu ya mafuta inalephera, ndipo analumpha ali pafupi kwambiri ndi nthaka moti parachuti sinatseguke. Anali ndi zaka 24. Milo Burcham, amene anayamba kuulutsa ndege yamtunduwu, anali atafa kale mofananamo mu Okutobala 1944.

Mapiko opendekera kumbuyo anabweretsa vuto lina. Amathandiza pa liwiro lalikulu, koma liwiro likachepa nsonga zake ndi zimene zimayamba kutaya mphamvu yonyamula, ndipo mphuno ya ndege imadzuka yokha. Pa 10 Januwale 1956, Barty Brooks ankatera ndi F-100 pa bwalo la Edwards ku America. Makamera amene anatcheredwa ntchito ina anajambula zonse. Ndege inadzutsa mphuno, inaima ngati yatsamira mchira, moto uli lawilawi kumbuyo, ikupendamira uku ndi uku mamita ochepa kuchokera pansi, mpaka phiko linagunda nthaka. Filimuyo inaonetsedwa kwa ophunzira kwa zaka zambiri kuti aone chimene chimachitika liwiro likachepa.

Meteor inali ndi injini ziwiri. Kodi zimenezi sizinali chitetezo?

Papepala zinali chitetezo. Koma injini zake zinali kutali ndi thunthu, pakati pa phiko lililonse. Imodzi ikazima, yotsalayo inkapotoza ndege kumbali, ndipo woyendetsa ankayenera kuponda chowongolera cha kumchira ndi mphamvu zonse za mwendo wake. Liwiro likatsika kupitirira malire ena ake, mwendo wa munthu sunkakwanitsanso, ndege inkagubuduka n'kulunjika pansi.

Chopweteka ndi ichi: pofuna kuwakonzekeretsa, aphunzitsi ankawauza anyamata kuti azimitsedi injini imodzi m'mwamba n'kutera ndi imodzi. Injini za Rolls-Royce Derwent sizinkazima kawirikawiri pazokha. Zotsatira zake, kuyeserera ngozi kunapha anthu ambiri kuposa ngozi yeniyeniyo. Patapita nthawi lamulo linasintha, anayamba kungochepetsa moto osazimitsa. Ndimakhulupirira kuti likanasintha msanga, maliro ambiri sakanachitika.

Meteor T.7, yophunzitsira ya anthu awiri, inali ndi msampha winanso. Munthu akaiwala kubweza mabuleki a mpweya n'kutsitsa magudumu, ndege inkatha kugwetsa phiko mwadzidzidzi ikukhota kuti itere. Ndipo T.7 inalibe mipando yothawira, yoponya woyendetsa kunja pangozi. Kumbukiraninso kuti nkhondo ya ku Korea itayamba mu 1950, Britain inachulukitsa ophunzira mofulumira, ndipo mnyamata ankachoka pa ndege ya pulopela yofatsa n'kukwera Meteor atangouluka maola ochepa.

Nanga mafuta ankatha bwanji m'mwamba? Kodi sankawerengera?

Ankawerengera, koma jeti zoyamba zinkamwa mafuta ngati mchenga wa m'chilimwe, makamaka zikauluka m'munsi. Zambiri sizinkakwanitsa ola lathunthu. Nyengo ikasintha, mpata woganiza unali wa maminiti.

Chitsanzo chodziwika n'cha pa 8 Febuluwale 1956. Ndege zisanu ndi zitatu za Hawker Hunter zinanyamuka pa West Raynham, ku Norfolk m'dziko la Britain, kukayeserera nkhondo m'mwamba. Pobwerera, nyengo inali itaipa, ndipo anazilozera ku bwalo loyandikana la Marham zili ndi mafuta a maminiti pafupifupi 20. Pofika kumeneko chifunga chinali chitatsekanso. Owongolera a pansi sakanatha kuzitsitsa zonse pa nthawi yotsalayo. Ziwiri zinatera. Zisanu ndi chimodzi zinawonongeka: oyendetsa anayi anathawa ndi mipando, mmodzi anagwera m'munda n'kupulumuka, mmodzi anafa. Panalibe ndege yoonongeka injini ngakhale imodzi, ndipo oyendetsawo sanali ophunzira atsopano. Chinalakwika ndi chiganizo chowanyamutsa ndi chowalozera kumene chifunga chinkapita.

Kodi "kuswa liwiro la mawu" kunali koopsa motani?

Ndege ikamayandikira liwiro limene mawu amayendera, pafupifupi makilomita 1,200 pa ola m'munsi muno, mpweya pamapiko umasintha khalidwe. Ndege inkanjenjemera, zowongolera zinkauma, ndipo mphuno inkazyolika yokha. Akatswiri ankaphunzira zimenezi anthu ali m'katimo.

Geoffrey de Havilland wamng'ono, mwana wa mwini kampani yopanga ndege ya de Havilland ku Britain, anafa pa 27 Seputembala 1946 ndege yoyesera ya DH 108 itasweka pamwamba pa mathiriro a mtsinje wa Thames. Ndege zamtunduwu zinapangidwa zitatu, ndipo zonse zitatu zinagwa n'kupha oziyendetsa. Chuck Yeager anadutsa liwirolo pa 14 Okutobala 1947 ndi Bell X-1, ndege ya roketi, koma vuto silinathere pomwepo.

George Welch, mmodzi mwa ochepa amene anakwanitsa kunyamuka n'kumenya nkhondo pa Pearl Harbor mu 1941, anafa pa 12 Okutobala 1954 akuyesa F-100. Chipsepse cha pamchira chinali chachifupi, ndege inatembenukira m'mbali ili pa liwiro lalikulu n'kuphwasuka. Oyesa ndege ena anali atadandaula kale za khalidwe lake, koma ndegeyo inali itaperekedwa kale kwa asilikali. Zonse anaziimitsa mu Novembala chaka chomwecho n'kutalikitsa chipsepsecho. Apa m'pamene pamaonekera nthenda ya nthawi imeneyo: mantha a Nkhondo Yozizira, mpikisano wa pakati pa America ndi Soviet Union, ankachititsa kuti ndege ilowe ntchito isanathe kuyesedwa.

Mpando wothawira unayamba liti, ndipo unkapulumutsadi?

Pa liwiro la jeti munthu sangakwere pakhomo n'kudumpha, mphepo imamukanikiza kapena kumumenyetsa kumchira. Choncho anapanga mpando woponyedwa kunja pamodzi ndi munthu wake. Woyamba kupulumuka nawo anali Helmut Schenk wa ku Germany, mu Januwale 1942, kuchokera mu Heinkel He 280. Ku Britain, James Martin anadzipereka pa ntchitoyi mnzake Valentine Baker atafa pangozi ya ndege mu 1942. Wantchito wa kampani yawo, Bernard Lynch, anadzipereka yekha kuyesa mpandowo, ndipo pa 24 Julayi 1946 anaponyedwa kuchokera mu Meteor ili m'mwamba. Lero kampani ya Martin-Baker imawerenga anthu oposa 7,000 amene mipando yake yawapulumutsa. Neil Armstrong, amene pambuyo pake anaponda pamwezi, naye anathawa ndi mpando mu Seputembala 1951 ku Korea, ndege yake ya Panther itaduka mbali ya phiko.

Koma mipando yoyamba inali ndi malire. Inkaponyedwa ndi onga, mwamphamvu moti ambiri anavulala msana. Inkafunanso kuti ndege ikhale m'mwamba ndithu kuti parachuti ipeze nthawi, pamene ngozi zambiri, monga taona, zinkachitika pafupi ndi nthaka. Ma Meteor oyamba ndi ma Vampire ambiri a munthu mmodzi analibe mpandowo n'komwe. F-104 zoyamba zinali ndi mpando woponyera munthu pansi, poopa kuti angagunde mchira wake wautali. Iven Kincheloe anafa nawo pa 26 Julayi 1958 injini itazima atangonyamuka. Mipando ya roketi yotha kupulumutsa munthu ngakhale ndege ili chiimire pansi inabwera m'zaka za m'ma 1960.

MiG-15 ndi F-86 Sabre: yabwino inali iti?

Funsoli limakonda kuyambitsa mkangano. MiG-15 ya Soviet Union ndi F-86 Sabre ya America zinalimbana pa nkhondo ya ku Korea. MiG-15 inali yopepuka, inkakwera msanga ndi kufika pamwamba kuposa Sabre, ndipo inali ndi mizinga yolemera, umodzi wa mamilimita 37 ndi iwiri ya mamilimita 23. Sabre inkamvera bwino pa liwiro lalikulu, inali ndi cholozera mfuti chothandizidwa ndi radar, ndipo oyendetsa ake ankavala zovala zofinya miyendo ndi mimba kuti magazi asathawe kumutu pokhota. Kwa zaka zambiri America inkanena kuti pa Sabre imodzi yogwa pankagwa ma MiG khumi. Mabuku a Soviet Union atatsegulidwa, zinaoneka kuti kusiyanako kunali kochepa kuposa pamenepo, makamaka pamene mu MiG munali oyendetsa a ku Soviet Union ozolowera nkhondo, amene ankamenya nawo mobisa.

Injini ya MiG-15 inachokera ku Rolls-Royce Nene, imene boma la Britain linalola kugulitsa ku Moscow nkhondo itangotha. Ndegeyi inali ndi khalidwe loipa lozungulira ngati nguli ikakhotetsedwa mwankhanza, moti pa bolodi la kutsogolo anajambulapo mzere woyera wosonyeza pokankhira ndodo yowongolera zikatero. Pa 21 Seputembala 1953, No Kum-sok wa ku North Korea anathawa ndi MiG-15 kukatera pa Kimpo ku South Korea, ndipo America inamupatsa madola 100,000. Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita kuthambo, anafera mu MiG-15 yophunzitsira pa 27 Malichi 1968 pamodzi ndi mphunzitsi Vladimir Seryogin.

South Africa inatumiza gulu lake la ndege lotchedwa 2 Squadron ku nkhondo ya ku Korea. Linayamba ndi Mustang za pulopela ndipo linalandira Sabre mu 1953.

Nanga pa sitima zapamadzi zonyamula ndege zinali bwanji?

Kunali koopsa kuposa pamtunda. Sitima zakale zinali ndi bwalo lowongoka, ndege zina zitaimikidwa kutsogolo. Yotera ikaphonya zingwe zoikola, inkakathera mu ukonde wotchinga kapena mwa zinzake. Jeti inkabwera mothamanga, ndipo injini yake sinkamva msanga kuti inyamukenso. Eric Brown ndiye anayamba kuteretsa jeti pa sitima, Vampire pa HMS Ocean, mu Disembala 1945. Vought F7U Cutlass ya America zinapangidwa pafupifupi 320, ndipo yoposa imodzi mwa zinayi zilizonse inatha pangozi. Supermarine Scimitar za Britain zinali 76, zinatayika 39.

Chinathandiza kwambiri si ndege yatsopano koma nzeru ziwiri za asilikali a pamadzi a Britain. Dennis Cambell anaganiza zopendeketsa bwalo lotererapo kuti yophonya zingwe izingopitirira n'kunyamukanso. Nicholas Goodhart anapanga galasi lokhala ndi nyali loonetsa woyendetsa ngati wakwera kapena watsika kwambiri.

N'chifukwa chiyani F-104 Starfighter inkatchedwa yopanga amasiye?

Dzinalo, Witwenmacher, linachokera ku West Germany, limene linagula ndegezi 916. Zinagwa 292 ndipo oyendetsa 116 anafa. Pa 19 Juni 1962, zinayi zimene zinkakonzekera chionetsero pafupi ndi Nörvenich zinagwa pamodzi, onse anayi n'kufa, kutangotsala tsiku limodzi kuti mwambo wolandira ndegezi uchitike. Mu 1970 munafera Joachim von Hassel, mwana wa amene anali nduna ya zachitetezo pa zaka zoipitsitsa za ngozizi.

Kelly Johnson wa kampani ya Lockheed anaipanga atamva madandaulo a oyendetsa a America amene anamenya nkhondo ku Korea, amene ankafuna ndege yothamanga ndi yokwera msanga. Anaipatsa timapiko tating'ono, topyapyala, takuthwa kutsogolo moti pansi ankativeka zotchinga kuti amakaniko asadzicheke. Inali ndege ya m'mwamba kwambiri, kunja kuli ngwee. West Germany inaisenzetsa zida zolemera n'kuiuza kuti iziuluka m'munsi, pakati pa mapiri, m'mitambo ndi m'chifunga cha ku Ulaya. Oyendetsa ankaphunzira ku Arizona kumene kumwamba kumakhala koyera chaka chonse. Gulu lankhondo la m'mlengalenga la dzikolo linali litangoyambiranso mu 1956 patapita zaka 11 kulibe, amakaniko ambiri anali anyamata olembedwa usilikali kwa kanthawi, ndipo ndege zinkagona panja pamvula. Erich Hartmann, katswiri wa nkhondo yapitayo, ananena poyera kuti gululo silinakonzeke kulandira ndege yotere. Akuluakulu sanakondwe naye, ndipo anapuma ntchito mu 1970.

Mu 1966 utsogoleri unaperekedwa kwa Johannes Steinhoff, yemwe uja anapsa mu Me 262. Anaonjezera maola ophunzira, anakonza ntchito ya amakaniko, ndipo anaumirira kuti aikemo mipando ya Martin-Baker. Ngozi zinatsika, ndege ili yomweyo. Spain inagwiritsa ntchito F-104 zokwana 21 kuyambira 1965 mpaka 1972, kunyengo yabwino ndiponso pa ntchito imene ndegeyo inapangidwira, ndipo sinataye ngakhale imodzi. Italy inakhala nazo mpaka 2004.

Sindikuti ndegeyo inali yosalakwa. Inali yosakhululuka, kulakwitsa pang'ono kunali imfa. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 zinaululika kuti Lockheed inkapereka ziphuphu m'mayiko angapo kuti igulitse ndege zake, nkhani imene inachititsa Prince Bernhard wa ku Netherlands kutula maudindo ake mu 1976. Koma amene amaloza chala ndege yokha amawamasula anthu amene anaigula, kuipatsa ntchito yolakwika, n'kupitiriza kutumiza anyamata maliro akuchuluka.

Kodi anthu wamba apansi ankafanso?

Ankafa. Pa chionetsero cha Farnborough ku Britain pa 6 Seputembala 1952, DH 110 ya John Derry inasweka m'mwamba ndipo injini yake inagwera pa khamu limene linali paphiri. Anafa owonerera 29, komanso Derry ndi mnzake Tony Richards. Chionetserocho chinapitirira tsiku lomwelo, Neville Duke ananyamuka ndi Hunter. Kuchokera pamenepo anakhazikitsa malamulo oti ndege zizitalikira khamu ndiponso zisamakhotere kumene kuli anthu.

Pa 30 Juni 1959, F-100 ya America yochokera pa Kadena ku Okinawa, chilumba cha ku Japan, inagwira moto. Woyendetsa anathawa ndi mpando, ndipo ndegeyo inagwera m'nyumba za anthu ndi pa sukulu ya pulaimale ya Miyamori ana ali m'kalasi. Anafa anthu 17, mwa iwo ana asukulu 11, ndipo ovulala anaposa 200. Anthu a ku Okinawa amakumbukirabe tsikuli chaka ndi chaka. Ku Sacramento m'dziko la America, pa 24 Seputembala 1972, Sabre yakale ya munthu wamba inalephera kunyamuka n'kukalowa m'sitolo ya ayisikilimu, anthu 22 anafa, 12 mwa iwo ana. Ndipo pa 22 Ogasiti 2015, Hunter yachionetsero inagwera pa msewu wa A27 ku Shoreham m'dziko la Britain n'kupha amuna 11.

Kodi ndegezi zinafikako kuno kwathu?

Zinafika pafupi kwambiri. Southern Rhodesia inayamba kulandira de Havilland Vampire kumapeto kwa 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Popeza zachitetezo zinali m'manja mwa boma la Chitaganya, gulu la Royal Rhodesian Air Force linkayang'aniranso Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo ndege zake zinatumizidwa ku Nyasaland pa chipwirikiti cha 1959. Bwalo la ma jeti linali Thornhill ku Gwelo, tawuni yomweyo imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa atamangidwa pa 3 Malichi 1959. Lero ndi Gweru.

Vampire inali ndege yachilendo maonekedwe: michira iwiri, injini imodzi, ndipo chipinda cha woyendetsa chinali chamatabwa omatidwa. Zinapangidwa zoposa 3,200. Ma Hunter 12 anafika cha m'ma 1962 ndi 1963. Chitaganya chitatha, ma jeti anatsala m'manja mwa Southern Rhodesia, ndipo boma la Ian Smith linawagwiritsa ntchito pa nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, kuphatikizapo kuukira misasa ya ku Mozambique ndi ku Zambia. Ma Vampire anagwira ntchito mpaka Zimbabwe italandira ufulu. Mu Julayi 1982, anthu analowa pa Thornhill usiku n'kuphulitsa ma Hunter angapo ndi ndege zina.

Ku Mozambique, Apwitikizi anagwiritsa ntchito Fiat G.91 polimbana ndi Frelimo, zina zitakhazikika ku Tete. Dzikolo litapeza ufulu linalandira MiG-17 ndi MiG-21, ndipo mu Julayi 1981 Adriano Bomba anathawa ndi MiG-17 kupita ku South Africa. Zambia inagula MiG-21 komanso F-6 za ku China. Malawi sinakhalepo ndi ndege zomenyera nkhondo za jeti, asilikali ake agwiritsa ntchito ndege zonyamula anthu ndi katundu, ndi ma helikopita.

Chinachepetsa ngozi n'chiyani kwenikweni?

Mbali ina ndi zitsulo: injini zomva msanga ndi zokhalitsa, matanki aakulu, mipando yabwino, misewu ya ndege yaitali, ndi zida zotsogolera ndege m'chifunga. Mbali ina, imene ndimaiona kuti ndi yaikulu, ndi kachitidwe ka anthu. Kale gulu lililonse linali ndi kaulutsidwe kake, ndipo mnyamata ankaphunzira zimene mkulu wake ankakonda. Lipoti la ngozi kawirikawiri linkathera pa mawu oti woyendetsa analakwitsa, ndipo wakufa sayankha. Asilikali a pamadzi a America anakhazikitsa magulu apadera ophunzitsa munthu ndege imene akukaigwiritsa ntchito asanapite kugulu lake, ndipo mu 1961 anayambitsa buku limodzi la malamulo pa mtundu uliwonse wa ndege, lotchedwa NATOPS. Ndege zophunzitsira za mipando iwiri zinayamba kupangidwa pamodzi ndi zankhondo zake, kusiyana ndi kale pamene munthu ankakwera jeti koyamba ali yekhayekha. Ofufuza anayambanso kufunsa chifukwa chimene anthu osiyana akulakwitsira pamalo amodzimodzi. Zitsanzo za Meteor ndi F-104 zili pamwambapa zikuonetsa mbali imeneyi.

Kodi zilipo zimene zikuulukabe?

Zilipo zochepa, zambiri m'manja mwa anthu wamba ndi mabungwe osunga zakale: Sabre, MiG-15, MiG-17, Vampire ndi Hunter zimaonekabe pa zionetsero ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Chichitikireni ngozi ya Shoreham, malamulo a zionetsero zoterezi ku Britain anakhwimitsidwa. Ma Me 262 amene mungaone akuuluka ndi opangidwa chatsopano, okhala ndi injini zamakono za ku America. Enieniwo ali m'nyumba zosungiramo zakale, ndipo imodzi ili ku Johannesburg, ku nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ku Saxonwold. Kampani ya Martin-Baker inasunga ma Meteor awiri pa bwalo la Chalgrove ku Oxfordshire, komwe Bernard Lynch anaponyedwa mu 1946, kuti aziyesera mipando yatsopano. Chifukwa chake n'choti injini za Meteor zili kutali ndi thunthu, ndiye utsi ndi moto wa mpando woponyedwawo sizilowa m'kamwa mwa injini.